Fyuzi sinakulakwireni, achimwene

Achimwene amisiri, inu a pakhonde la sitolo pa Zalewa, inu a pa Lisungwi ndi pa Neno Boma, lero ndili nanu mawu. Ndani anakuphunzitsani kuti fyuzi ikapsa muzimangapo waya? Sukulu yake iti? Akubweretserani ampulifaya ya kwaya ya mpingo, mwatsegula, mwapeza kagalasi kaja kada bii, kawaya ka m'kati kaduka. Simunafunse kuti chadula n'chiyani. Mwatola kapepala konyezimira ka m'paketi ya fodya, mwakulunga, mwabwezera, kanyali kayaka, ndalama mwaponya m'thumba. Mukuti mwakonza. Mwakonza chiyani?

Galu wamkota sakandira pachabe. Fyuzi ikapsa ndiye kuti galu wauwa, mbala ili kale m'nyumba. Inu mwapha galuyo kuti mugone tulo.

Yankho lanu ndikulidziwa. Muti vuto ndi magetsi, amangothimathima, akamabwera amabwera ndi ukali. Sindikutsutsani. Ife a ku Neno timamwa madzi a Shire yemweyo amene wakhala akupukusa makina a magetsi a ku Nkula kuyambira 1966, Tedzani ili pakhomo pomwepa, koma midzi yambiri ya kumtunda kukada imadalira tochi. Namondwe Ana ataphwanya Kapichira mu Januwale 2022, dziko lonse linagawana mdima kwa chaka ndi miyezi. Ukwati wa kumudzi umavinidwa ndi jenereta yomwe mphamvu yake imakwera ndi kutsika malinga ndi mafuta otsala m'thanki. Zonsezo n'zoona. Koma mfundo imeneyo ndi yanga, si yanu ayi! Ngati magetsi athu ndi osakhazikika chotere, si ndiye pofunika fyuzi yeniyeni pamenepo? Mukuchotsa chitetezo chifukwa choti ngozi zachuluka?

Tiyeni tiwerengere limodzi, poti manambala sanama. Magetsi a m'nyumba muno ndi 230V. Fyuzi ya 13A yomwe ili m'pulagi ya mano atatu ija imalola mphamvu pafupifupi mawati 3,000 isanaduke. Ntchito yake n'kuteteza chingwe cha ketulo kapena simbi. Ampulifaya ya gitala yapakatikati imadya mawati 100 kapena kuposerapo pang'ono, ndiye fyuzi yake imakhala ya 1A kapena pafupi pamenepo. Mukaikapo ya 13A, china chikavuta m'kati, thiransifoma idzatentha, vanishi adzasungunuka, utsi udzatuluka m'mabowo, fyuzi yanu ili phee, sinamve kanthu. Nanga waya wa kopa amene mwamanga uja adzaduka liti? Nyumba itapsa?

Ndipo pachitsulo cha kumapeto kwa fyuzi pamalembedwa zinthu, kungoti simuwerenga. Chilembo T chikutanthauza yochedwa kupsa, F yofulumira. Ampulifaya ikamayatsidwa, thiransifoma ndi makapasita opanda kanthu amameza magetsi ambiri kwa kamphindi kochepa, ndipo fyuzi ya F imaduka pomwepo ngakhale palibe chavuta. Inu mumati yachepa, mumaika yaikulu. Sinachepe. Mwagula mtundu wolakwika. Ampulifaya yochokera ku America, kumene magetsi ndi 120V, ikasinthidwa kuti igwire ntchito kuno imafuna fyuzi ya theka la nambala ija: ya 2A kumeneko ndi 1A kuno. Izi n'zovuta? Safunsa anadya phula.

Muti fyuzi zoyenera sizipezeka, kuti mupeze T1A mpaka mukwere galimoto ya ku Blantyre pa msewu uja takhala tikuulirira zaka ndi zaka. Chabwino. Nanga thiransifoma ikapsa mukaipeza pa Ligowe? Paketi ya mafyuzi khumi imalowa m'thumba la shati, mtengo wake sufika pa nkhuku. Mmisiri amene amakumbukira kugula mtovu wowotcherera m'tauni n'kuiwala mafyuzi sanaiwale. Sasamala basi.

Tsopano ndibwere kwa inu anyamata amene mwamva kulira kwa gitala pa nyimbo zakale ndipo mukufuna kudzipangira ampulifaya ya mavalavu, yonga Fender Bassman ya 1959 kapena Marshall JTM45 ya 1962. Mtima wanuwo ndaukonda. Koma apa si pa wayilesi ya mabatire. M'kati mwa bokosi limenelo muli magetsi opitirira 400V, ndipo makapasita akuluakulu aja amawasunga ngakhale mwazimitsa n'kuzula pulagi. Mukhoza kupita kukadya nsima, kubwerako, kugwira, n'kuponyedwa kukhoma. Musanalowetse dzanja, tsitsani magetsiwo kudzera pa rezisita, muyeze ndi mita, muone nambala yatsika. Zogunditsa sikuludiraiva kuti ithetheke moto zija ndi masewera a anthu otopa ndi moyo.

Ndiye pali chizolowezi chozula makapasita m'ma TV akufa. Mwaona palembedwa 400V, mwati ndi yomweyo. Ayi, achimwene. Nambala imeneyo ndi malire, si malo okhala. Mukangoyatsa, mavalavu asanatenthe n'kuyamba kukoka, magetsi amakwera kuposa pamene amakhazikika. Pamene pakuyenda 430V pafunika kapasita ya 500V, apo ayi makapasita awiri a 350V olumikizidwa motsatizana, iliyonse ndi rezisita yake yogawa katundu mofanana. Kapasita yamtunduwu ili ndi mankhwala amadzi m'kati, ndipo amauma. Kutentha kukakwera ndi madigiri 10, moyo wake umadulidwa pakati. Ganizirani za Okutobala wa pa Zalewa, ampulifaya ili pansi pa malata, mavalavu ali pambali pake akutentha. Pamenepo mukusankha yolembedwa 85°C pomwe ya 105°C ilipo? Ikauma mudzamva kung'ung'udza kosalekeza m'sipika. Ikatupa pamutu kapena kutuluka zoyera m'munsi, yatha, itayeni. Mukaitembenuza miyendo, kwa + kupita kwa -, idzaphulika pamaso panu.

Ena amati kapasita ikakula ndiye mawu amakoma, amangoika yaikulu imene yapezeka. Valavu ya GZ34 yomwe imawongola magetsi siloledwa kupitirira 60µF pa kapasita yoyamba. Mukaika ya 220µF, valavuyo idzathetheka m'kati, fyuzi idzapsa pofuna kupulumutsa thiransifoma, ndipo inu mudzatani? Mudzamangapo waya. Nzeru zayekha anaviika nsima m'madzi.

Chimene chimandiwawa n'choti wolipira si inu. Ndi amayi a mvano amene anasonkha ndalama za mbatatesi ndi manachesi miyezi ingapo kuti mpingo ukhale ndi chimkuzamawu. Ndi mnyamata wa bandi amene anagulitsa mbuzi. Katundu akapsa pakati pa mwambo, mumakweza mapewa n'kuti ndi magetsi, mwinanso mumanong'oneza kuti pali wina wachita nsanje. Ufiti wake uti, pomwe waya wa kopa uli apo m'malo mwa fyuzi, wopotedwa ndi zala zanu?

Inu eni katundu, lekani manyazi. Mukamakatenga ampulifaya yanu, muuzeni mmisiri atulutse fyuzi muione. Werengani zolembedwa pachitsulo chake, mufanizire ndi zolembedwa kumbuyo kwa bokosi. Mufunseni chimene chinapsereza yakale ija, akuonetseni chimene wasintha. Akayamba kukanda m'mutu, nyamulani katundu wanu, ndalama musapereke.