Nyumba sinachepe, inangosowa njira

Pamene tinkamanga nyumba yathu pa boma la Neno, mapulani ndinajambula ndekha pachikuto cha kope la mwana. Ndinkafuna balaza lalikulu loti mlendo akalowa azindipatsa ulemu. Balazalo ndinalipezadi, koma zitseko zonse zinayang'ana momwemo: cha kuchipinda kwathu, cha ana, cha sitolo ndi cha kukhitchini. Bafa ndi chimbudzi zili panja kuseri, ndipo khomo lotulukira kumeneko linali kukhitchini. Ndiye kuti aliyense wopita kukasamba ankayenera kudutsa pamaso pa anthu, sopo kumanja, thawulo paphewa.

Ana ali aang'ono sitinkaona vuto. Linaonekera chaka chatha apongozi anga atabwera kuchokera kwa Dambe kudzakhala nafe kuti aziyandikira chipatala cha boma. Iwo anayamba kugona ndi mdzukulu wawo wamkazi wa zaka 13, mnyamata wathu wa zaka 10 n'kusamukira pabalaza pamphasa. Kukabwera mlendo wam'mamawa, mwanayo ankadzutsidwa ngati wakuba.

Nanga ine? Inu mukudziwa mmene mkamwini amakhalira ndi apongozi. Tsiku lina ndikuchokera kubafa ndinangoti maso gwa ndi iwo pakati pa balaza, ine chifuwa chili pamtunda. Anayang'ana kukhoma, ine ndinayang'ana kudenga. Kuyambira tsikulo iwo anayamba kudziletsa kumwa madzi madzulo kuti asamadutse usiku, chonsecho ndi munthu woti akumwa mankhwala. Ndipo anayamba kunena zobwerera kumudzi asanachire. Apa m'pamene ndinaona kuti nkhaniyi si yoseketsanso.

Maganizo anga oyamba anali owonjezera zipinda ziwiri. Nditawerengetsa simenti, malata ndi thiransipoti, poti katundu wambiri timagula ku Blantyre n'kukwera naye msewu wathu wamapiriwu, ndinangopinda kope. Amene anatitsegula maso ndi apongozi omwewo. Anauza mwana wawo kuti: "Uwauze bambo a kunyumba kuno, nyumbayi si yaing'ono, koma ilibe njira." Paja akuluakulu anati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa.

Tinaitana mmisiri. Tisanagule njerwa ndi imodzi yomwe, tinalemba mizere ndi makala pansi, n'kukhala nayo sabata yathunthu tikuyenda ngati makoma alipo kale. Pomaliza tinachita zinthu zitatu. Choyamba, tinadula balaza ndi khoma, n'kusiya kanjira ka mita imodzi mulifupi kutsogolo kwa zitseko za zipinda. Chachiwiri, kumapeto kwa kanjirako tinaboola khomo latsopano loyang'ana kubafa, la masentimita 90, loti ngakhale njinga ya wodwala n'kudutsa. Chachitatu, sitolo ija tinaikulitsira zenera, n'kukhala chipinda cha mnyamata. Matumba a chimanga ndi mbatatesi anapita m'kachipinda komwe tinaphatika pambali pa khitchini.

Ine ndinkafunanso kugwetsa khoma lapakati, koma mmisiri anakana. "Bwana, limeneli ndi lomwe lasenza denga. Mukaligwetsa, mphepo ikadzabwera mudzandifuna." Titakumbukira nyumba zomwe zinagwa m'chigawo chakumwera ndi namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, sitinatsutse. Pamwamba pa khomo latsopano anathiranso konkire wokhala ndi zitsulo kuti njerwa zisatsike.

Kwa inu amene mukuganiza zomanga kapena kukonza, mawu anga ndi awa. Musayambe ndi funso loti zipinda zikhale zingati. Yambani ndi loti: munthu akadzuka usiku, adutsa pati? Makolo athu ankazidziwa izi. Pamudzi pankakhala mphala ya anyamata, gowelo, ndi nyumba ya agogo payokha, bwalo lili pakati. Ife tinatenga zonsezi n'kuziunjika pansi pa denga limodzi, koma tinaiwala kulowetsamo tinjira tija.

Ganiziraninso dera lanu, chifukwa Neno ndi maiko awiri. Kumtunda kuno mu Juni ndi Julaye kumazizira, ndipo miyezi imeneyi dzuwa limapendekera kumpoto. Choncho chipinda cha okalamba chikhale ndi zenera loyang'ana kumpoto, osati kummwera komwe kumachokera mphepo yozizira. Koma ku Lisungwi ndi ku Zalewa vuto ndi kutentha. Kumeneko mufunika khonde lotambalala ndi mazenera oyang'anizana kuti mpweya uzilowa uku n'kutulukira uko. Ndipo ngati puloti yanu ili pa boma, kafunseni kukhonsolo musanayambe kugumula.

Balaza lathu tsopano ndi laling'ono. Mpando umodzi tinachita kuupereka kwa achimwene chifukwa unasowa malo, ndipo sindinama, mtima unandipweteka pang'ono. Koma mnyamata ali ndi pogona ndi powerengera, mtsikana akutseka chitseko chake, ndipo apongozi akumwa madzi mmene akufunira. Anamaliza mankhwala awo mwezi wathawu. Za kubwerera kwa Dambe sanazitchulenso, ndipo ine sindinawakumbutse.