ZA PAKHOMO PATHU: Nyumba ya Lendi Imayamba ndi Pepala



Masiku ano munthu akapeza kangachepe, kaya ka usipa, ka mpunga kapena kochokera ku Joni, maganizo amathamangira kumanga nyumba ya lendi. Nzeru imeneyi ndi yabwino. Mu November 2023 ndalama ya kwacha idachepa mphamvu ndi 44 peresenti. Amene adasunga ndalama pansi pa mphasa adalira, koma nyumba idangoima chilili. Komabe nyumba zomwezi zadanitsa abale ndi kusiya ana amasiye pabwalo, kaŵirikaŵiri chifukwa chosowa pepala. Lero tikambirane za mapepala atatu.

Loyamba ndi la malo. Musatsitse njerwa pamalo amene mwangolozeredwa ndi chala. Kuno kwathu malo ambiri ndi a mbumba, choncho malume mmodzi sangagulitse payekha. Funsani alongo ake, pitani kwa a mfumu, yendani m'malire pamodzi ndi oyandikana nawo, ndipo zonse zilembedwe ndi kudindidwa. Lamulo la malo a makolo la 2016 limapereka mwayi wolembetsa malo otere, ndipo a ku ofesi ya za malo kwa DC angakuuzeni poyambira. Ngati ndi puloti ya m'tauni, kafufuzeni ku khonsolo ngati wogulitsayo alidi mwini wake. Funsaninso akuluakulu pamene madzi adafika nyanja itasefukira mu 1980. Mu 2024 idabwereranso n'kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota. Paja safunsa adadya phula.

Lachiŵiri ndi la pakati pa inu ndi wochita lendi. Ndime yaitali kuposa zonse m'Qur'an, ya 282 m'Surah Al-Baqarah, imatilangiza kulemba ngongole ndi kuikapo mboni. Nanga lendi ya kutha kwa mwezi si ngongole kodi? Lembani mtengo, tsiku lolipira, ndalama ya chikole, chiŵerengero cha anthu okhalamo, ndi nthaŵi yodziŵitsana wina akafuna kutuluka kapena inu mukafuna kukweza lendi. Lembaninso wolipira madzi ndi wokonza zowonongeka. Ngati n'kotheka, khomo lililonse likhale ndi mita yakeyake ya ESCOM yogulira mayunitsi, pakuti mita imodzi ya mabanja anayi ndi gwero la ndewu. Ngati simulola kugulitsa mowa panyumba panu, nenani tsiku loyamba ndipo zikhale papepalapo. Nthaŵi zonse perekani lisiti, ngakhale ndalama itabwera pa Airtel Money kapena Mpamba.

Munthu akalephera kulipira, musazule chitseko kapena kusasula malata. Mchitidwe umenewu ndi nkhanza ndipo ukhoza kukufikitsani kubwalo la milandu. Khalani naye pansi. Wodwala kapena wofedwa mupatseni nthaŵi, ndipo musaonjezere kanthu pangongole yake chifukwa cha kuchedwa, pakuti imeneyo ndi riba. Wozemba dala mpititseni kwa a mfumu kapena kukhoti, pepala lanu lili m'manja.

Lachitatu ndi la pachibale, makamaka kwa inu muli ku Johannesburg kapena ku Durban. Chibale ndi fupa sichiola, n'zoona, koma ndalama ya lendi yasweka nacho kambiri. Amene akukutolererani lendi akhale ndi kope lolembamo zoloŵa ndi zotuluka, ndipo mugwirizane malipiro ake poyera kuti asadzilipire mobisa. Lendi ya mwezi umodzi pachaka muziisunga padera, yothirira mankhwala a chiswe, kupaka laimu ndi kukonza chimbudzi mvula isanagwe.

Mapepala a nyumba akhale m'dzina la mwini wake weniweni, ndipo mayi wa pakhomo adziŵe pamene ali. Ngati adathirapo ndalama zake za geni, gawo lake lilembedwe lero, lisadzasokonezeke ndi chuma chogaŵa. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limati kulanda katundu wa amasiye ndi mlandu, koma mayi wopanda pepala amavutika kupereka umboni.

Sabata ino gulani kope ndi cholembera, itanani mboni ziŵiri, musainirane ndi alendi anu. Tidzakumanenso m'kope lotsatira, Insha Allah.