Eriyo siigulidwa ngati tomato

Anzanga a mumsika, sabata ino za mtengo wa chimanga tiyambe tazisiya. Paja mukudziwa kuti pa benchi langa ndimakonza mawotchi. Tsiku lina kasitomala anandifunsa kuti, "Achimwene, inu mukutchera yangayi, nanga yanuyo anakutcherani ndani?" Ndinasowa chonena.

Ndiye ndinagula kamakina ka GPS kotola nthawi kuchokera ku masetilaiti amene amazungulira makilomita 20,200 m'mwambamu, atanyamula mawotchi a atomiki. Kamakinako kalibe vuto. Nkhani inavuta pa eriyo.

Poyamba ndinathamangira yotchipa, kaja kokhala ngati bokosi la machesi komata pa galimoto. Ndinakaika pa shelefu, pansi pa malata. Tsiku lonse zii! Abale, mphamvu yochoka kutali chonchija imafika itatheratu, malata siingawaboole. Eriyo imafuna kuona thambo, ndipo kuti kamakina kayambe bwino pamafunika masetilaiti anayi. Nditakaika pa windo kanayamba kugwira, koma nthawi n'kumadzandira ngati woledzera, chifukwa mphamvu ija imayamba yagunda malata a aneba kenaka n'kufika mochedwa.

Tsopano mverani. Pogula, funsani ngati ili ndi kokuzira mphamvu m'kati, maka waya akakhala wamtali. Yotereyi imadya magetsi kudzera pa waya yemweyo, ina mavoti 3, ina 5, ndiye onani ngati akugwirizana ndi kamakina kanu. Onaninso polumikizira. Ine ndinabwerera kawiri kwa wogulitsa, iye n'kumangoti, "Bwana, zonse n'zimodzi." Bodza! Pa bokosi payeneranso kulembedwa L1, kapena 1575.42 MHz.

Waya naye amaba nthawi, pafupifupi mananosekondi 5 pa mita iliyonse. Nanosekondi ndiye sekondi yogawidwa ka 1 biliyoni. Kwa wotchi ya pamkono zimenezo n'zamasewera, inde, koma kamakina kabwino kamalola kuti ukauze kutalika kwa wayayo, ndiye ine ndinayeza ndithu.

Pano ndili ndi ija yooneka ngati bowa, yosalowa madzi, pa mtengo wopitirira denga. Yodula, koma nthawi inasiya kudzandira. Chondidetsa nkhawa ndi mphezi basi. Mitambo ikangoda, ndimazula waya n'kuyamba kutchera ndi wailesi ngati kale.

Kasitomala uja anabweranso Lachiwiri. Ndinamuonetsa kagetsi kophethira sekondi iliyonse. Anangoti, "Chabwino, nanga ngongole mumalola?"