Tenti yoimika nokha, kunja kutada

Mayi wina wa ku Ntcheu, mphunzitsi wa kupulayimale, wandilembera kalata yofunsa nzeru. Akuti chaka chino akufuna kupita kumsonkhano wa misasa ndi ana ake awiri. Bambo a kunyumba ali ku Joni, ndipo iye watopa n'kupempha anyamata kuti amumwetere udzu ndi kumudulira mitengo ya msasa. Wasunga kangachepe koti agulire tenti, ndipo funso lake ndi limodzi: ndi tenti yotani yomwe munthu angaimike yekha osaitana mudzi wonse?

Funsoli ndalikonda, chifukwa ambirife tikafuna kugula tenti timayamba n'kufunsa mtengo, kenako kukula kwake, kenako maonekedwe. Za kaimikidwe timazikumbukira titafika kale pamalo, dzuwa likupendeka. Tsono kuno kwathu dzuwa silichita chidodo. M'miyezi ya June ndi July limalowa 6 koloko isanakwane, ndipo likangolowa mdima suchedwa. Minibasi ikakudyerani maola awiri padepoti podikira kudzaza, dziwani kuti tentiyo mukaimika tochi ya foni ili kukamwa, mwana wina akulira njala, wina akusinza. N'chifukwa chake muyeso wanga ndi uwu, mayi: tenti yosavuta ndi yomwe munthu mmodzi angaimike mumdima, mphepo ikuwomba, osayang'ana pepala la malangizo.

Ogulitsa akamva mawu oti "yosavuta" amathamangira kukutulutsirani tenti yodziimika yokha, ija amati pop-up. Mtundu umenewu udatchuka kwambiri kampani ya ku France ya Decathlon itatulutsa tenti yotchedwa 2 Seconds m'chaka cha 2005, ndipo lero makampani ambiri amapanga zofanana nayo. Mukaimasula lamba n'kuiponya m'mwamba, imatambasuka yokha n'kutera pansi ili nyumba kale. Ana amawomba m'manja. Sindikana, n'zosangalatsa kuona.

Koma wogulitsa akakuonetsani kutambasula, muuzeni akuonetseninso kupinda, ndipo mupinde inuyo iye akuyang'ana. Apa ndi pamene pagona nkhani. Mawaya ake ndi olimba ngati sipuling'i, amafuna kuwapotokola mwanjira yakeyake kuti abwerere m'chikwama, ndipo ndaonapo abambo atatu amphumphu akulimbana ndi tenti imodzi m'mawa wa tsiku lobwerera, basi ikuliza hutala. Ikapindidwa imakhala chimbale chachikulu chonga lichero, chomwe sichilowa m'chikwama cha kumsana ndipo m'minibasi kondakitala amachiyang'ana ndi diso loti mulipire mpando wina. Zambiri zotchipa za mtunduwu zili ndi nsalu imodzi yokha, ndipo mphepo yamphamvu ikabwera zimagona chammbali n'kukukhudzani kumaso. Ngati muli ndi galimoto ndipo mukukagona usiku umodzi pabwalo lotetezeka m'chilimwe, gulani. Kwa sabata yathunthu ndi ana, ine ayi.

Yomwe ndimalangiza ndi ija yozungulira pamwamba ngati chulu, ya ndodo ziwiri zopingasana. Azungu amati dome. Mumayala tenti pansi, n'kulumikiza ndodo ziwirizo, n'kuzipingasa kuchoka pangodya ina kufika ina, n'kulowetsa nsonga zake m'timabowo ta m'ngodya zinayi. Zikapindika, nyumba yaima. Ubwino wake waukulu ndi woti imaima yokha ngakhale musanakhome chikhomo n'chimodzi chomwe. Mukapeza kuti mwaimika pamzere wa linthumbu kapena pachitsa, mumangoinyamula yonse n'kuisunthira pena ngati dengu. Ndodo ziwirizo zikakhala zofanana kutalika, palibe zoti iyi ipite uku, iyo ipite uko. Mumdima zimenezi n'zofunika kuposa mmene zimamvekera masana.

Pali kanthu kena kakang'ono komwe anthu sakalabadira m'sitolo, koma n'komwe kamasiyanitsa mphindi zisanu ndi theka la ola. Onani mmene nsalu imagwirira kundodo. Matenti ena ali ndi timikono ta nsalu totalika momwe mumalowetsamo ndodo kuchokera mbali ina mpaka itulukire kwina. Ena ali ndi tingowe ta pulasitiki tomwe mumangokoletsa kundodo, ndodoyo itaima kale. Kwa munthu amene ali yekha, tingowe ndiye chipulumutso. M'timikono muja ndodo imakodwa pamfundo, ndipo mukaikoka kuti ibwerere, zigawo zake zimalekana m'kati mwa nsalu momwe simungalowetsemo dzanja. Ukakhala ndi mnzako mbali inayo n'zotheka. Uli wekha umangozungulira tenti ngati nkhuku yofuna poikira. Amene muli kale ndi tenti ya timikono, kumbukirani kuti ndodo timakankha, sitikoka, poimika ngakhale pogwetsa. Kunena chilungamo, timikono timagawa bwino mphamvu ya mphepo kuposa tingowe, koma funso la lero ndi la kuphweka.

Ndodo zenizenizo zili mitundu iwiri. Zotchipa ndi za fibreglass, zakuda, zolemerako, ndipo zikathyoka zimang'aluka m'litali n'kusiya timinga tobaya m'manja komanso tong'amba nsalu. Za aluminiyamu n'zopepuka, zikapanikizika zimayamba zapindika zisanathyoke, koma mtengo wake ndi wokwera. Thumba likalola, tengani za aluminiyamu. Likakana, fibreglass imagwira ntchito bola musaikakamize, ndipo muonetsetse kuti chigawo chilichonse chalowa mpaka kumapeto mwa chinzake musanayambe kupinda. Ndodo zambiri zimathyokera pamfundo yomwe idalowa theka.

Matenti akuluakulu a zipinda, aja otalika ngati khola la nkhuku za chizungu, ndi okoma kugonamo koma saima popanda zikhomo ndi zingwe, ndipo amafuna anthu awiri kapena atatu. Aliponso opopa, omwe m'malo mwa ndodo ali ndi machubu a mpweya. Amaima msanga ndithu, koma ndi odula, ndi olemera, ndipo mukaiwala pampu kunyumba mwagona panja. Awa tiwasiyire a magalimoto.

Kukula kwake musakhulupirire nambala ya pachikwama. Akalemba kuti ya anthu atatu, amatanthauza anthu atatu ogona mothithikana phewa ndi phewa, popanda katundu. Ife tikamayenda timanyamula ndowa, mapoto, thumba la ufa ndi zofunda. Mayi ndi ana awiri mufunika yolembedwa kuti ya anthu anayi, ndipo pamenepo ndi pomwe ndimaikira malire a tenti yoimika munthu mmodzi. Kupitirira apo ndodo zimatalika kwambiri moti mukakhazika nsonga imodzi, inayo yathawa.

Tenti yoima yokha isakupusitseni kuti zikhomo zilibe ntchito. Yopanda munthu m'kati ndi yopepuka ngati kaiti. Amene adagonapo m'mphepete mwa nyanja ku Senga Bay kapena ku Cape Maclear m'nyengo ya mwera akudziwa zomwe ndikunena. Mphepo ikakhala yamphamvu, yambani mwakhoma ngodya ziwiri za mbali yomwe ikuchokera musanalowetse ndodo, ndipo khomo liyang'ane komwe mphepoyo ikupita. Chikhomo chilowe chopendekeka, mutu wake utaloza kutali ndi tenti, osati chilili. Tizikhomo ta waya tomwe timabwera ndi matenti ambiri ndi tabwino pakapinga pokha. Panthaka youma ya mu September timapindika pakumenya kwachiwiri, ndipo mumchenga wa kunyanja timazuka ndi chala. Pitani kwa wowotcherera zitsulo akudulireni zikhomo zisanu ndi zitatu za chitsulo cha ring'i, zopinda kumutu. Pamchenga mangani chingwe pakati pa kamtengo kapena pajumbo yodzaza mchenga, n'kukwirira mozama. Pathanthwe, monga malo ena pa phiri la Mulanje, chingwe timamanga kumwala.

Poti ndatchula Mulanje, achinyamata okonda kukwera mapiri amvetse izi. Paphiripo pali nyumba zogona alendo monga Chambe, Lichenya, Thuchila ndi Chisepo, yomwe ambiri amagonapo popita pansonga ya Sapitwa ya mamita 3,002, choncho si ulendo uliwonse wofuna tenti. Koma mukanyamula, dziwani kuti chiperoni chimatha kubwera mwadzidzidzi, nkhungu ndi mvula yowaza kwa masiku angapo, ndipo manja akazizidwa zala sizigwira tinthu ting'onoting'ono. Tenti yomwe pabwalo lakwanu imakutengerani mphindi khumi, kumeneko idzakutengerani kawiri kake. Chimodzimodzi ku Nyika, komwe usiku wa mu June madzi amatha kuundana paudzu.

Pankhani ya mvula, sankhani tenti ya nsalu ziwiri: yam'kati yokhala ndi neti, ndi yakunja yofunditsa pamwamba. Yakunjayo ifike mpaka pafupi ndi nthaka. Ena amaika kansalu kakang'ono pamwamba penipeni ngati kapu ya mwana, komwe sikatchinga kanthu mvula ikabwera chammbali. Nsalu ziwiri zimathandizanso pa chinthu chomwe chimadabwitsa ogona mutenti koyamba: kudzuka m'mawa makoma atanyowa pomwe mvula sidagwe. Imeneyo ndi nthunzi ya mpweya wanu womwe, yomwe imasanduka madzi ikakhudza nsalu yozizira. Pakakhala nsalu ziwiri, madziwo amakhala pa yakunja osakudontherani. Pachikwama pamalembedwa nambala ya mamilimita yosonyeza mmene nsaluyo imakanira madzi. Yochepera 1,500 mm ndi ya m'chilimwe basi, ndipo wofuna kugonamo nthawi ya dzinja afunefune ya 3,000 mm. Yang'ananinso m'kati mwa misoko ngati adamatamo tepi, chifukwa madzi amayamba kulowera m'mabowo a singano.

Choipa cha dome yambiri n'choti yam'kati ndiyo imayamba kuima, choncho mvula ikakupezani mukuimika, imanyowa musanafunditse yakunja. Mankhwala ake ndi liwiro basi, ndipo liwiro limabwera ndi kuzolowera.

Neti ija musaione ngati chokongoletsa. Udzudzu wa malungo umaluma usiku, ndipo tenti ya neti yong'ambika kapena zipi yosatseka ndi msampha wotsekeramo inu pamodzi ndi udzudzuwo.

Tsopano kogula. Ambirife matenti timawapeza pakaunjika kapena kwa obwera nawo kuchokera ku South Africa, ndipo pakaunjika pamapezeka abwino zedi, ena oposa atsopano a m'sitolo. Koma musapereke ndalama chikwama chili chotseka. Uzani wogulitsa kuti mukufuna kuiimika pomwepo, ndipo muimike inuyo ndi manja anu. Akakana, pitani kwina. Werengani zigawo za ndodo, muone ngati mulibe ming'alu kumapeto kwake. Kokani chingwe cha mphira chomwe chimadutsa m'kati mwa ndodo. Chikakhala cholobodoka si mlandu waukulu, chimasinthika, koma ndi chifukwa chotsitsira mtengo. Tsegulani ndi kutseka zipi iliyonse katatu. Lowani m'kati muyang'ane kudzuwa, tibowo tonse tidzaoneka ngati nyenyezi. Pomaliza papasani kunsi kwa nsalu yakunja. Ikakhala yomata m'manja, kapena ikusupuka ngati khungu la njoka n'kumanunkha, ndiye kuti mankhwala otchinga madzi adatha ndipo telala aliyense sangaibwezeretse. Ndodo yosowa ndiyo ndimakana kotheratu, chifukwa kupeza ina yofanana kutalika ndi kunenepa kwake n'kovuta kuno.

Mukafika nayo kunyumba, mayi, musaisunge pamwamba pa kabati kudikira tsiku la ulendo. Iimikeni pabwalo katatu. Koyamba masana, mosafulumira. Kachiwiri muitanire ana, wamkulu aphunzire kulumikiza ndodo, wamng'ono akhale wosunga zikhomo. Kachitatu usiku, magetsi atazima, zomwe kwathu kuno sizisowa kukonzekera. Mangani kansalu kofiira pangodya ya khomo ya nsalu yakunja ndi kena pangodya yomweyo ya yam'kati, kuti pofunditsa musamazungulire kufuna kutsogolo. Kenako thirani ndowa ziwiri zamadzi pamwamba, mwana mmodzi ali m'kati kuti anene pomwe pakudontha.

Chimodzi chokha ndikupemphani ndi mtima wonse. Kuzizire bwanji, mbaula isalowe mutenti, ngakhale makala ataoneka ngati azima. Makala amatulutsa mpweya wa poizoni wosaoneka komanso wosanunkha, ndipo m'kachipinda kotseka ka nsalu umapha anthu ali m'tulo. Kandulo ndi koloboyi nazonso zikhale kunja, poti nsalu za matentiwa zimasungunuka ndi moto n'kumatirira pakhungu. Nyamulani bulangete lowonjezera, ndi mphasa kapena katoni yoyala pansi, chifukwa kuzizira kwambiri kumachokera kunthaka.

Pansi pa tenti yalani pepala la pulasitiki loteteza kuminga ndi timiyala, koma lidulidwe locheperako pang'ono kuposa tentiyo. Likatulukira kunja limakolola madzi a mvula n'kuwalowetsa kunsi kwa mphasa yanu. Ndipo pobwerera, ngati mwaipinda ili ndi mame, mukangofika iyanikeni pamthunzi mpaka iumiretu musanaibwezere m'chikwama. Ikakhala yonyowa masiku angapo imachita chuku, ndipo fungo lake silichoka ngakhale muichape.