Kodi Tiwatsegulire Citseko?

Mwezi wa Okutobala wa caka catha unali pafupi kutha, dzuwa likuswa mtengo, pamene mwana wathu wotsiriza, mtsikana wa zaka 10, anabwera kucokera ku sukulu ndi kakalata m'manja. "Atate, pa 31 kuli Halloween. Aphunzitsi ati aliyense abwere atavala cinyau kumaso, ndipo madzulo anzanga akayenda m'manyumba kukapempha maswiti. Kodi ndipiteko?" Ife, amene taphunzitsa katekisimu zaka zoposa 20, sitinacedwe kuyankha. Tinati zimenezo n'za ziwanda, ndipo pakhomo pa mphunzitsi wa Mpingo zisadzamvekenso. Mwana sanatsutse. Anapinda kakalata kaja, nalowa m'nyumba. Koma amake, amene amatidziwa kuyambira kumudzi, anangoti capansipansi: "Atate ake, kodi thumba la unga lija mwaliiwala?"

Sitinaliiwale ai. Pamene tinali pa msinkhu wa mwanayu, kumudzi kwathu kum'mawa, ife anyamata obusa mbuzi tinatola thumba lakale la unga, tinaboola maso awiri, tinajambula pakamwa ndi khala, tinadzola phulusa thupi lonse ndi kumanga masamba a nthoci m'ciuno. Za ku dambwe sitinali kudziwa kanthu. Tinali kungotsanzira zimene tinaona patali, ndipo cimwemwe cathu conse cinali kuona atsikana akutaya mitsuko ndi kuthawa. Tsiku lina aphunzitsi a pa sukulu ya mishoni anatipeza. Masiku amenewo mishoni ndi nyau sizinali kumwerana madzi, ndipo Mkhristu wolowa gule anali kuletsedwa masakramenti. Tinalandira zikoti zisanu ndi cimodzi aliyense, koma liu lofotokoza ngakhale limodzi sitinalandire. Cimene tinaphunzira n'cakuti masewera otere ayenera kucitikira kutsidya kwa mtsinje, kumene aphunzitsi safikako.

Nanga za kuyenda m'manyumba? Awerengi a msinkhu wathu asadzinamize kuti n'zacilendo. Pa Khrisimasi, Misa ikangotha, tinali kuyamba ulendo titavala kabudula watsopano wa khaki, khomo ndi khomo, tikufuula "Khisimisi bokosi!" Apa citumbuwa, apo mpunga wa m'mbale, kwa akalaliki obwera kucokera ku migodi mwina 5 ngwee yathunthu. Kumapeto kwa mudzi kunali agogo ena amasiye amene analibe kanthu. Caka cina atatiuza kuti m'nyumba mulibe cotipatsa, tinayamba kuimba zitini pakhomo pao ndi kugenda nkhokwe yao yopanda cimanga. Timacitabe manyazi pokumbukira. Caka cotsatira tinafuna kulambalala, koma iwo anatiitana okha. Anaturutsa nsawa zokazinga m'licero, zimene ayenera kuti anazisunga miyezi yambiri, nati: "Adzukulu anga, tengani. Koma musanapite, mugwade pano, muwanenere Tikuoneni Maria mmodzi agogo anu aamuna amene anagona." Tinagwada pa fumbi, nsawa zili m'matumba, tinapemphera mothamanga monga acitira ana.

Usiku umene tinakaniza mwana wathu tulo tinasowa, ndipo m'mawa mwake tinayamba kufufuza ciyambi ca mwambo umene tinauweruza tisanaudziwe. Dzina lakuti Halloween licokera ku Cingelezi cakale, ndipo tanthauzo lake ndi madzulo otsogolera tsiku la Oyera Onse. Papa Gregory III, amene analamulira Mpingo kuyambira 731 kufikira 741, anapatula kacalichi ka Oyera Onse m'chalichi ca Petro Woyera ku Roma, ndipo m'zaka za m'ma 800 cikondwerero ca pa 1 Novembala cinafalikira m'maiko ambiri a ku Ulaya. Pambuyo pake Odilo Woyera, mkulu wa amonke a ku Cluny ku France, amene anamwalira mu 1049, analamula kuti pa 2 Novembala azipempherera onse omwalira. Anthu a ku Ireland analinso ndi cikondwerero cao cakale ca Samhain pa nyengo yomweyi, potsiriza kukolola ndi polowa m'miyezi ya cisanu ndi mdima, ndipo miyambo iwiriyi inakhalira pamodzi zaka mazana ambiri.

Koma cimene cinatikhazika pansi ndi ici. Ku England, masiku amenewa amphawi ndi ana anali kuyenda m'manyumba kupempha timikate, ndipo malipiro a kamkate kalikonse anali pemphero la mizimu ya akufa a pa nyumbayo. Agogo athu amasiye aja sanaponde m'kalasi, za England sanamvepo, koma anacita cimodzimodzi ndi nsawa zao. Ku Scotland ndi ku Ireland ana anali kudzibisa nkhope, naimba nyimbo kapena kunena ndakatulo pakhomo asanalandire cipatso. Anthu a maiko awiriwa ndiwo anapita ndi mwambowu ku America, makamaka itagwa njala yaikulu ya ku Ireland imene inayamba mu 1845, pamene mbatata za cizungu zinaola m'minda. Kumeneko anapeza maungu, nayamba kuwaboola ndi kuikamo nyali. (Kuno kwathu maungu a Okutobala mungawapeze kuti? N'cifukwa cace m'masitolo akulu a mu Lusaka mumaona a pulasitiki.) Mau akuti trick or treat, amene ana a kumeneko amanena pakhomo, anayamba kumveka kwambiri m'zaka za m'ma 1920, ndipo tanthauzo lake ndi lakuti: tipatseni kanthu, apo ai tikucitani cipongwe. Pemphero linatayika panjira; kunatsala zitini ndi miyala yathu ija.

Tisaname, pali zina zimene sitingavomere ngakhale titafufuza motani. Mwana wa ku Chicago akavala ngati mfiti anthu amaseka, pakuti kwa iwo mfiti ndi ya m'nthano. Kuno nkhalamba zimapitikitsidwabe m'midzi, zina kuphedwa kumene, cifukwa ca liu limeneli. Ife amene taperekeza maliro ambiri sitiona coseketsa m'magazi opaka ndi m'zigaza. Ndiponso mizinda yathu yasintha. Ife tinali kuyenda masana m'mudzi umene aliyense anali malume kapena azakhali. Lero kuli mipanda yaitali, mageti a citsulo, agalu ndi magalimoto othamanga. Kholo lotumiza mwana yekha usiku kukagogoda kwa anthu osawadziwa lisanene kuti silinacenjezedwe.

Komabe tinaona kuti tacita kwa mwana wathu zimene aphunzitsi aja anacita kwa ife, kungoti cikoti cathu cinali ca pakamwa. Tinamuitana. "Mwananga, khala apa. Dzulo atate ako anayankha asanaganize." Tinamuuza za thumba la unga, ndipo anaseka mpaka misozi, tinamuuza za agogo amasiye, ndipo anakhala cete.

Nkhaniyi tinapita nayo ku mphakati. Sikuti onse anakondwa. Mkulu wina, munthu amene timamulemekeza, anati: "Aphunzitsi, mukufuna kubatiza Satana kodi?" Iye ndi mabanja ena awiri anakana, ndipo sitinawakakamize, pakuti mantha ao tinali nao ifenso masiku atatu m'mbuyomo. Mabanja asanu ndi limodzi anavomera. Tinapangana kuti ana ayende dzuwa lisanalowe, amai awiri ali pambuyo pao, m'nyumba za a mphakati zokha, ndipo aliyense avale ngati woyera amene angathe kufotokoza mbiri yake. Mnyamata wina anakulunga nsalu paphewa nakhala Kizito, wamng'ono pa onse a ku Uganda amene anatenthedwa ku Namugongo mu 1886. Wathu anasankha Josephine Bakhita wa ku Sudan, amene anabedwa ali mwana nagulitsidwa ukapolo, pambuyo pake nakhala sisitere ku Italy, ndipo anachedwa woyera mu 2000. Duku lakuda la amake linagwira nchito. Pakhomo lililonse anawo anali kuodira, kunena maina a oyera ao, ndi kufunsa: "Kodi muli ndi akufa amene tiwapempherere?" Maina anali kulembedwa m'kope la sukulu, pemphero linali kunenedwa, ndipo pamenepo vitumbuwa ndi maswiti zinali kuturuka. Pa nyumba ina amai amene anataya mwana wao wamwamuna miyezi iwiri m'mbuyomo analephera kuchula dzina. Analemba okha, dzanja likunjenjemera.

Pobwera, mwana wathu anadandaula kuti anzake a ku sukulu anapeza maswiti ambiri kuposa iye, ndipo ena anali ndi cokoleti. Zinali zoona, sitinatsutse. Pa 2 Novembala bambo mfumu analola kuti kope lija liikidwe patsinde pa guwa nthawi ya Misa. Tisanacoke kunyumba tinalipempha, ndipo pansi pa maina onse tinaonjezapo awiri, la mwamuna ndi la mkazi wake. Mwana anawerenga, natiyang'ana.

"Atate, awa ndi agogo a nsawa aja?"

Tinati inde, ndipo analitenga kopelo nalinyamula yekha mpaka ku chalichi.