Seva yodziwika ndi munthu mmodzi ndi ngozi

Laputopu yakale ya achimwene anga inafa sikirini chaka chatha, koma zina zonse zinkagwirabe ntchito. Ndinaikamo Ubuntu n'kuilumikiza ku rauta ya nyumba yomwe timachita lendi ku Chikanda, basi n'kusanduka seva. Ndinaikamo Jellyfin ya mafilimu ndi mavidiyo a maphunziro, Nextcloud yosungiramo manotsi ndi mapepala a mayeso akale, komanso Kiwix yowerengera Wikipedia osagula bandulo. Ogwiritsa ntchito tinalipo 6, koma wodziwa polowera ndinali ine ndekha.

Pulogalamu iliyonse pa seva imakhala ndi khomo lake lomwe limadziwika ndi nambala, lija akuti poti. La Jellyfin ndi 8096, ndipo enawo ndinawapatsa manambala omwe anandibwerera m'mutu tsiku limenelo. Ineyo ndinawaloweza onse, ndipo kunena zoona ndinkamva kukoma anzanga akamandifunsa. Kenako, kutatsala sabata imodzi kuti mayeso ayambe, ndinapita kumudzi kumaliro. Magetsi anazima, ndipo atayaka rauta inapatsa laputopu ija adiresi ina. Anzanga anandiimbira ndili pasiwa, koma ndinalephera kuwalongosolera pafoni. Mapepala omwe tinatolera semesita yonse anali pomwepo m'chipinda mwanga, koma iwo anachita kugula mabandulo n'kumapemphetsa pa WhatsApp.

Nditabwerako ndinachita zinthu ziwiri. Ndinauza rauta kuti izipatsa seva adiresi yomweyomweyo nthawi zonse, kenako ndinaika dashibodi. Ili ndi tsamba limodzi lokhala ndi mabatani olowera ku mapulogalamu onse a pa seva. Ndinasankha Homer, ngakhale palinso Heimdall, Dashy ndi Homepage. Pano mnzanga amangokumbukira adiresi imodzi, n'kudina batani lolembedwa kuti "Mapepala akale".

Anzanga ena a m'kalasi ya zamakompyuta amati dashibodi ndi chibwana, zokongoletsa chabe, poti munthu angathe kungosunga maadiresiwo m'foni mwake. Mbali ina akunena zoona. Ndaonapo anthu akuchezera kusankha tizithunzi ta pa dashibodi pomwe mafayilo awo alibe kope lachiwiri pena paliponse, ndipo disiki ikadzafa tizithunzito sitidzawapulumutsa. Koma adiresi yosungidwa m'foni imathandiza foni yokhayo. Ndikasintha poti ya Nextcloud, ndiye kuti ndizungulire mafoni 6 kukakonza. Ndi dashibodi ndimasintha mzere umodzi, onse n'kuthandizika. Mlendo akafika safunikanso kundidikira.

Nanga kontena ikubwera bwanji pamenepa? Docker, yomwe inatuluka mu 2013, imalongeza pulogalamu pamodzi ndi zonse zomwe imafuna kuti iyende, monga momwe katundu amalongezedwera m'kontena ya pa thiraki. Makontenawa amagwiritsa ntchito kernel ya makina omwe akhalamo, choncho salemetsa kompyuta ngati mmene imachitira virtual machine. Pa laputopu yotopa ngati yathuyi, kusiyanako n'kwakukulu.

Koma chomwe ndimaikondera kwambiri n'chakuti imandikakamiza kulemba zomwe ndachita. Kayendedwe ka dashibodi yathu kali m'fayilo ya docker compose ya mizere yochepa: pulogalamu yake ndi iti, ikhale pa poti iti, makonzedwe ake asungidwe kuti. Muli mzere wakuti restart: unless-stopped, womwe umachititsa kuti kontena idzuke yokha makina akayakanso. Mabatani onse amalembedwa mu config.yml, fayilo yomwe ndinaisunga m'foda ya pa laputopu, kunja kwa kontena. Apa mpofunika kusamala, chifukwa chilichonse chomwe mwasunga mkati mwa kontena chimapita nayo limodzi mukaifufuta. Mafayilo awiriwa ndinawakopera pa fulashi. Laputopu itafa lero, dashibodi ingadzuke pa makina ena pasanathe ola.

Ndisakunamizeni kuti zonse ndi zokoma. Dashibodi imasonyeza njira kwa mwini nyumba ndi kwa mbala yomwe. Homer ilibe pasiwedi yakeyake, ndipo config.yml imatumizidwa ku browser ya aliyense wotsegula tsambalo. Choncho musalembemo mapasiwedi, ndipo musatsegule poti yake pa rauta kuti izioneka pa intaneti. Madashibodi ena, monga Homepage, amatha kuona okha makontena omwe akuyenda mukawalumikiza ku docker.sock. N'zosangalatsa ndithu, koma amene wagwira fayilo imeneyo amakhala ndi mphamvu pa makina onse. Ine ndinasankha kumalemba mabatani anga pamanja.

Chomwe ndinaphunzira pa maliro aja sichikhudza Docker yokha. Ife ophunzira zamakompyuta timakonda kukhala anthu oti popanda ife zinthu ziime, ndipo timayesa kuti umenewo ndiye ukatswiri. Khalidwe lomweli tikalitengera kuntchito, ndi lija limachititsa kuti ofesi yonse isowe pogwira tsiku lomwe wa IT wadwala kapena wapeza ntchito kwina. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga, ndipo seva nayo siyenera kukhala m'mutu mwa munthu mmodzi.

Ngati muli ndi kaseva kanu, kayeseni chonchi: mupatse mnzanu wa chaka choyamba foni, inu mutuluke panja, muone ngati apeze yekha zomwe akufuna. Ine ndikumaliza maphunziro chaka chino ndipo laputopu ija ndiisiya m'nyumba momuno. Fulashi ndapereka kale kwa mtsikana wina wa chaka chachiwiri, ndipo dzulo wawonjezera batani la manotsi a masamu osandifunsa.