Kota inatha pa pepala pokha

Wophunzira wofuna malo ku yunivesite ya boma m'Malawi amayenera kupeza makirediti 6 pa mayeso a MSCE, ndipo imodzi mwa makireditiwo ikhale ya Chingerezi. Bungwe la MANEB limapereka magiredi kuyambira 1 mpaka 9. Giredi 1 ndi 2 ndiye kukhoza kwapamwamba, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi kungodutsa, pomwe 9 ndi kulakwa. Akaphatikiza magiredi a maphunziro 6 amene mwana wachita bwino koposa, pamatuluka mapointi aja amene amakhala pakamwa pa aliyense zotsatira zikangolengezedwa. Wopeza 6 ndiye katswiri, wa 36 waima pa malire enieni. Malamulowa ndi omveka ndipo pongowawerenga alibe tsankho. Cholakwika n'chakuti dziko lazolowera kutenga mapointi ngati muyeso wa nzeru za mwana, pomwe mbali yaikulu amayeza sukulu imene mwanayo anagwerako, thumba la makolo ake, ndi zimene makolowo akudziwa za momwe zinthu zimayendera.

Kwa zaka zambiri mkangano wa malo a ku yunivesite unali pa kota, ndondomeko yogawa malo potengera boma limene munthu amachokera. Inayamba chakumapeto kwa ulamuliro wa Kamuzu Banda, khoti linaikana mu 1993, Bingu wa Mutharika anaibwezeretsa mu 2009, ndipo boma linalengeza kuti yatha mu 2020. Amene ankadana nayo, makamaka a m'chigawo chakumpoto, anali ndi mfundo yolimba: mwana wokhoza bwino ankatsala pakhomo chifukwa cha dzina la boma la kwawo. Kutha kwake kunali koyenera. Koma chisangalalo chake chinaphimba nkhani ina, yakuti kusankhana kunangochoka pa maboma n'kukhazikika pa mitundu ya sukulu, pomwe palibe amene amachita zionetsero.

Mpikisano umathera ku Folomu 3, makolo ambiri asanadziwe n'komwe kuti wayamba. Apa ndi pamene mwana amasankha maphunziro amene adzalembe pa MSCE, ndipo wosiya Physics ndi Chemistry wadzitsekera khomo la udokotala ku KUHeS ndi la uinjiniya ku MUBAS kapena ku MUST, ngakhale atadzapeza mapointi okongola chotani. Ku sukulu ngati Dedza Government, Marymount ku Mzuzu, St Mary's ku Zomba kapena Likuni Boys, mwana amasankhadi, chifukwa aphunzitsi a maphunzirowo alipo ndipo labotale ili ndi zipangizo. Ku CDSS yambiri yakumudzi, sukulu ndiyo imamusankhira. Phunziro limene lilibe mphunzitsi palibe amene amalitenga, ndipo kumene likuphunzitsidwa, mwana amatha kufika m'chipinda cha mayeso ochita ndi manja atangoona zipangizozo zojambulidwa pa bolodi. Sukuluzi zinachokera ku malo ophunzirira patali a MCDE amene anasinthidwa dzina chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ndipo lero ndizo zimasunga ana ambiri a sekondale za boma. Mtsikana wa pa CDSS amayenda mtunda wautali m'mawa, kapena amachita lendi kachipinda pafupi ndi sukulu n'kumadziphikira yekha, madzulo n'kuwerengera tochi ya pafoni. Akapeza mapointi 20 wachita chinthu chachikulu kuposa mnzake wa 14 wogonera pa sukulu ya magetsi ndi laibulale. Kuwayeza awiriwa ndi mapointi okha kuli ngati kutamanda mlimi wothira feteleza kawiri n'kunyoza mnzake amene sanathireko n'kamodzi komwe.

Chaka cha Folomu 4 chimakama makolo. Pali ndalama za mayeso oyeserera, za timabuku ta mafunso akale, ndiponso za makalasi apadera olipira amene aphunzitsi amachititsa pa holide. Wokhala nazo amalipira, wopanda amangouza mwana kuti alimbikire. Pamwamba pa izi pamabwera ogulitsa likasa, amene masiku ano amatsatsa malonda awo pa WhatsApp, ndipo makolo ena, anthu aulemu wawo ku tchalitchi ndi ku mzikiti, ndiwo amatulutsa ndalama zogulira. Zotsatira za khalidweli dziko linaziona mu November 2020, pomwe boma linaimitsa mayeso a MSCE ali mkati chifukwa mapepala anabedwa, ndipo ana onse analembanso mu January 2021. Amene analangika kwambiri ndi ana osalakwa a m'mabanja osauka, amene makolo awo anafunanso ndalama zina za lendi, ufa ndi ulendo.

Olemba MSCE amaposa 100,000 chaka chilichonse, okhoza amangozungulira pa theka, ndipo osankhidwira ku mayunivesite a boma sakwana ngakhale mmodzi pa ana khumi aliwonse amene analemba. Zotsatira zikatuluka, wailesi ndi nyuzipepala zimathamangira kwa opeza mapointi 6 kapena 7, kuwajambula ndi kuwafunsa chinsinsi chawo. Palibe cholakwika kuyamikira mwana wakhama. Koma phokosoli laphunzitsa makolo bodza lakuti mapointi ochepa ndiwo chiphaso cholowera kulikonse, ndipo bodzali ndi limene limagwetsa mabanja pa fomu yofunsira malo.

Fomuyi imayendetsedwa ndi bungwe la National Council for Higher Education, NCHE, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2011. Mwana amalemba fomu imodzi yofunsira malo ku mayunivesite onse a boma, amene alipo 6: UNIMA ku Zomba, MUBAS ndi KUHeS amene anapatuka ku University of Malawi mu 2021, LUANAR ku Bunda, MZUNI ku Mzuzu, ndi MUST ku Thyolo. Pa fomupo amandandalika maphunziro angapo amene akufuna, kuyambira limene walikonda kwambiri. Phunziro lililonse lili ndi zofunika zakezake, ndipo osankha amayang'ana magiredi a maphunziro okhudzana nalo. Mwana wa mapointi 12 amene anapeza 5 pa Masamu akhoza kugonja pa malo a uinjiniya kwa mnzake wa mapointi 16 amene Masamu ndi Physics anazikhoza mwapamwamba. Chinanso, maphunziro a zamalamulo ku UNIMA akhala akutenga anthu amene anayamba kale digiri ina, osati ongochoka kumene ku Folomu 4, chinthu chimene makolo ambiri olota za mwana loya sanauzidwepo.

Apa mpamene kusiyana kwa mabanja kumaonekera poyera. M'nyumba ya ku Area 47 kapena ku Namiwawa, fomu imadzazidwa pa laputopu, bambo kapena azakhali amene anadutsa ku Chancellor College ali pambali, ndipo foni imaimbidwa kwa mnzawo wophunzitsa ku yunivesite kuti anene maphunziro amene amadzaza msanga ndi amene amakhala ndi mpata. Mwanayo amalangizidwa kuti pamwamba aike loto lake, koma pansi aikepo phunziro limene magiredi ake akulikwanira bwinobwino. Kumudzi, mwana amene anamaliza sukulu miyezi ingapo yapitayo amakwera kabaza kupita pa sitolo pomwe pali mnyamata wa kompyuta, amalipira, ndipo amasankha mothamanga bandulo isanathe. Mayi ake anamutsanzika ndi mawu amodzi okha, akuti ulembe za udokotala, chifukwa ntchito za anthu ophunzira zimene iwo anazionapo ndi ya dokotala, namwino ndi mphunzitsi. Mwanayo amadzaza mizere yonse ndi maphunziro amene dziko lonse likulimbirana, ndipo mayina akatuluka lake palibe. Pamudzi pamamveka zoti anamubera malo, kapena zoti wina anamuchita chipongwe, pomwe chimene chinamugwetsa ndi mndandanda umene palibe anamuthandiza kuuganizira.

Makolo otere saimbidwa mlandu. Bungwe la NCHE limafalitsa zofunika pa phunziro lililonse ndipo limayendera madera ena kukafotokozera ofunsira malo, koma msonkhano wa tsiku limodzi, wochitika mayeso atalembedwa kale, sungakonze zimene zinasokonekera ku Folomu 3. Uphungu umenewu malo ake ndi pa sukulu, ndipo uyenera kuyamba mwana ali Folomu 2, makolo ataitanidwa n'kufotokozeredwa m'chilankhulo chawo. Misonkhano ya makolo ndi aphunzitsi yakhala ikuthera pa kukangana za ndalama za chitukuko ndi mpanda wa sukulu. Ola limodzi lokha la msonkhano wotero likanakwana kufotokoza kuti kusiya Chemistry kumatanthauza chiyani. Bungwe la NCHE nalonso liyenera kumatulutsa poyera, chaka ndi chaka, magiredi a munthu womalizira kutengedwa pa phunziro lililonse, n'kuwatumiza ku sekondale iliyonse kuti akamatidwe pa khoma la ofesi ya mphunzitsi wamkulu. Zimene lero zimayenda pa foni pakati pa anthu odziwana zikhale za aliyense.

Kusankhidwa nakonso si kufika. Dzina likamveka, pakhomo pamakhala nthungululu, koma sabata isanathe pamayamba kuwerengetsa. Fizi ya ku yunivesite ya boma ndi ndalama zimene mlimi wamba sazigwira pa chaka, ndipo malo ogona pa sukulupo sakwanira onse. Ophunzira ambiri a ku Zomba amachita lendi ku Chikanda, a ku Mzuzu ku Luwinga, ndipo lendi, makala, ndiwo ndi bandulo zonse zimayang'ana kumudzi. Ndalama ya kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, mitengo ya zonsezi inakwera pomwe zopeza za makolo zinatsala pomwepo. Mbuzi zimagulitsidwa, mayi amakongola ku banki m'khonde, bambo amagwa m'manja mwa akatapila.

Boma linakhazikitsa bungwe la Higher Education Students' Loans and Grants Board mu 2015 kuti lizikongoza ophunzira osowa. Ganizoli ndi labwino, koma kayendetsedwe kake kamasiya banja m'malere. Ngongole imafunsidwa padera, ndi fomu ina ndi maumboni ena, ndipo si onse ofunsa amene amapatsidwa. Kholo limayenera kuganiza zogula matiresi ndi kulipira ulendo lisanatsimikize ngati fizi ipezeka. Palibe chifukwa chomveka choletsa kuti fomu ya malo ndi ya ngongole ikhale imodzi, kuti mwana wosauka amve tsiku limodzi kuti wasankhidwa ndiponso kuti wathandizidwa. Mbali ina ya mlanduwu ili pa anthu amene anaphunzira ndi ngongole za boma zaka zapitazo, lero ali pa ntchito zabwino, koma kubweza amachita kukakamizidwa. Ena mwa iwo ndi omwewo amene amadandaula mokweza pa Facebook akaona chithunzi cha mwana wosowa fizi.

Chithunzi choterocho chasanduka njira yodziwika yopezera thandizo. Mwana amaima pakhomo pa nyumba yaudzu atagwira pepala la zotsatira, nambala ya Airtel Money kapena Mpamba ili pansi, ndipo anthu akufuna kwabwino amasonkha. Amene nkhani yake yagwira mitima amapita ku sukulu, mnzake wamanyazi kapena wopanda womujambula amatsala. Mabungwe ngati CAMFED amathandiza atsikana ambiri, mipingo ndi makampani ena amalipiriranso ana, koma thandizoli ndi lomwazika ndipo palibe malo amodzi pomwe kholo lingapite kukaona onse amene amathandiza, zimene amafuna ndi tsiku lotsekera.

Za maphunziro akunja, makolo ayenera kudziwa kuti masikolashipu otchuka ngati Chevening ya ku Britain ndi a anthu amene ali kale ndi digiri yoyamba. Mayunivesite a ku United States ena amafuna mayeso a SAT, ambiri akunja amafuna TOEFL kapena IELTS, ndipo mayesowa mtengo wake umatsatira ndalama zakunja. Mwana wa ku Kamuzu Academy kapena sukulu zina zotsata mayeso a Cambridge amakonzekeretsedwa njira imeneyi kuyambira kale, pomwe wa MSCE amayamba kuifufuza yekha. Mumpata umenewu mwalowa akamberembere olonjeza malo ku China, India kapena Canada, bola kholo litumize kaye ndalama yokonzera mapepala. Wopereka sikolashipu yeniyeni sapempha ndalama pa nambala ya foni ya munthu, ndipo uphungu wa maphunziro a ku America umaperekedwa kwaulere kudzera ku EducationUSA ya ku ofesi ya kazembe wa dzikolo.

Otsala pa mndandanda wa boma, amene ndiwo ambiri, amathamangira kubwereza Folomu 4 kuti atsitse mapointi, ena kawiri kapena katatu, kapena amalowa ku mayunivesite omwe si aboma. Ena mwa mayunivesitewa, monga Catholic University ku Nguludi ndi University of Livingstonia, ndi okhazikika. Koma kholo lisanalipire kulikonse liyenera kufunsa mafunso awiri osiyana: ngati sukuluyo inalembetsedwa ku NCHE, ndiponso ngati phunziro lenilenilo linavomerezedwa, chifukwa sukulu imatha kukhala yolembetsedwa pomwe digiri ina yake sinavomerezedwe. Palinso makoleji a zauphunzitsi ku Domasi ndi ku Nalikule, Malawi College of Health Sciences ndi makoleji a zaumoyo a mipingo pansi pa CHAM, komanso makoleji a ntchito zamanja ngati Soche, Nasawa, Namitete ndi Salima, amene amayendera ndondomeko ya TEVETA. Mabanja ambiri amaona njirazi ngati za olephera, ndipo maganizowa amalimbikitsidwa ndi sukulu zomwe, zimene zimadzitama ndi chiwerengero cha ana opita ku yunivesite osatchulako amene anakakhala amisiri a magetsi kapena anamwino. Ena mwa makolejiwa ali ndi mafomu awo ndi masiku awoawo otsekera, kotero banja limene limadikira kaye mayina a NCHE lisanafunsire kwina limatha kupeza kuti kumenekonso atseka, ndipo mwana amakhala pakhomo chaka china chathunthu.